Mmene wachikulire angamenyere mwanzeru pa masewera a malupanga

Munthu amene wapitirira zaka 50 koma akuchitabe masewera a malupanga, amene padziko lonse amadziwika ndi dzina lakuti fencing, amakumana ndi vuto limodzi nthawi iliyonse akavala chigoba chotchinga nkhope: maso amauona mpata, mutu umalamula, koma miyendo imafika mochedwa. Ambiri akaona zimenezi amaumiriza thupi kuti lichite zimene linkachita ali anyamata, ndipo mapeto ake amakhala kugonja kapena kuvulala katumba. Ena amangoima malo amodzi n'kumadikira kuti mwina mdani adzadzibaya yekha pansonga ya lupanga lawo. Njira ziwiri zonsezi sizipindula. Wachikulire amapambana akachititsa mdani kubwera pamalo amene iye wasankha, pa nthawi imene iye wasankha, lupanga la mdaniyo likudzera kumene iye akuliyembekezera, chifukwa munthu amene wadziwiratu chimene chikubwera safunika liwiro lalikulu kuti achiyankhe.

Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, la FIE, limene linakhazikitsidwa mu 1913 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, limachititsa mpikisano wa dziko lonse wa achikulire, umene kwa zaka zambiri unali ndi magulu a zaka 50 mpaka 59, zaka 60 mpaka 69, ndi zaka 70 kupita m'tsogolo. Mabungwe a m'mayiko ambiri amayamba kumuwerengera munthu m'gulu la achikulire akakwanitsa zaka 40. Ngakhale pakati pa akatswiri a misinkhu yonse, alipo amene anakhalitsa pamwamba zaka zitapita ndithu. Aladár Gerevich wa ku Hungary anali ndi zaka 50 pamene anapata mendulo ya golide ndi timu ya sabre, umodzi mwa mitundu itatu ya malupanga a masewerawa, pa masewera a Olimpiki a ku Rome mu 1960, ndipo Géza Imre, wa ku Hungary komweko, anakhala katswiri wa dziko lonse pa épée, mtundu wina wa lupanga, ku Moscow mu 2015 ali ndi zaka 40. Anthu otere ndi osowa, ndipo sindikulonjeza kuti aliyense angafike pamenepo, koma akutionetsa kuti pa masewerawa mutu ndi dzanja zimatha kulipira ngongole ya miyendo kwa nthawi yaitali.

Zimene zaka zimalanda ndi zimene zimasiya

Choyamba kuchepa ndi mphamvu yodumphira mwadzidzidzi. Kudziponya kutsogolo ndi mwendo wakutsogolo uku wam'mbuyo ukuwongoka, kumene ochita masewerawa amati lunge, kumafupika, ndipo chimene chimachedwa kwambiri ndi kubwerera kuchokera pamenepo. Mpweya nawonso umatenga nthawi kuti ubwerere m'chimake pakati pa masewero ndi masewero. Palinso kusintha kwina kumene ambiri sakuzindikira: kuyankha chinthu chimodzi chimene munachikonzekera kale kumachedwa pang'ono chabe ndi msinkhu, koma kusankha yankho pakati pa zinthu zitatu kapena zinayi zimene zingachitike kumachedwa kwambiri. Zimene zimatsala, ndipo mwina zimakula kumene, ndizo kulunjika kwa nsonga, kufewa kwa zala, kudziwa mtunda popanda kuuganizira, ndi luso lowerenga zizolowezi za munthu mutangomenyana naye kanthawi kochepa.

Tanthauzo lake ndi lakuti ntchito yanu yaikulu ndiyo kuchepetsa zinthu zimene zingachitike. Musalowe m'masewero ndi njira khumi zimene mumazidziwa pang'onopang'ono. Sankhani ziwiri kapena zitatu zimene dzanja lanu limachita palokha ngakhale mutatopa, mwachitsanzo kutchinga mozungulira kumbali ya kunja n'kubwezera lupanga lanu likukankhabe la mdani, kapena kubaya pamkono mdani akungoyamba kubwera, ndipo china chilichonse chimene muchita pa kanjira komenyerapo, kotchedwa piste, chikhale njira yomukokera mdaniyo ku zinthu zimenezi. Funso loyenera kudzifunsa musanayambe si lakuti mdaniyu ndimugonjetsa bwanji, koma lakuti ndichite chiyani kuti abwere kumene dzanja langa lili lokonzeka.

Mtunda ndiwo chuma chanu

Piste, kanjira kamene masewerowa amachitikirapo, ndi yaitali mamita 14 ndipo m'lifupi mwake ndi mita imodzi ndi theka kufikira mamita 2. Poyamba, awirinu mumaima motalikirana mamita 4. Pakati pa inu ndi mdani pamatha kukhala mitunda itatu: wautali, umene munthu amafunika sitepe ndi lunge kuti akufikeni, wapakati, umene lunge yokha imakwanira, ndi waufupi, umene kungotambasula mkono n'kokwanira. Kwa wachikulire amene akumenyana ndi munthu waliwiro, mtunda wapakatiwo ndiwo woopsa, makamaka mukaima chilili mapazi onse atalemera pansi, chifukwa lunge yachangu yochokera pamenepo imafika musanamalize kusankha chochita. Khalani kunja pang'ono kwa mtunda umenewu, ndipo mukafuna kulowamo muzilowamo ndi cholinga chimene mwakonza kale, kenako muzitulukamo kapena kupitirira mpaka pafupi penipeni. Kuyendayenda m'kati mwake popanda chifukwa ndiko kumene kumadyetsa achikulire mapointi ambiri.

Kuti muchite zimenezi muyenera kudziwa kutalika kwa lunge ya mdani, ndipo njira yake ndi kuiyesa masewero akangoyamba. Yandikirani pang'ono mpaka adziponye, inu bwererani m'mbuyo mokwanira osaganiza zobwezera, ndipo onetsetsani pamene nsonga yake yathera. Onaninso ngati amayamba ndi mkono kapena ndi phazi, ngati amawonjezera kubaya kachiwiri akaphonya, ndiponso ngati amabwerera msanga kapena amakhalitsa pansi. Mukadziwa zimenezi, ulendo wotsatira musabwerere kutali ngati poyamba. Bwererani mongokwanira kuti nsonga yake iperewere masentimita ochepa, pakuti mukatero mdani amakhala atatambasuka thupi lonse, kulemera kwake kuli pa bondo lakutsogolo, ndipo inu muli pafupi moti sitepe imodzi ndi mkono wowongoka zikumufika. Amene amathawa kutali kwambiri amapulumuka, koma sapeza kanthu, ndipo amawononga mphamvu ndi malo.

Masitepe anu akhale aang'ono. Sitepe yaikulu imakusiyani phazi lili m'mwamba nthawi yaitali, ndipo munthu amene phazi lake lili m'mwamba sangasinthe maganizo. Ngati mawondo sakulolani kukhala pansi kwambiri monga amaphunzitsira ana, imani mokwererapo pang'ono ndi kuchepetsa mpata wa pakati pa mapazi, bola thupi likhale pakati, lisagwere kutsogolo. Achikulire ambiri amaweramira kutsogolo pofuna kuwonjezera kutalika kwa mkono, koma potero amapereka mutu ndi phewa kwa mdani ndiponso amalephera kubwerera m'mbuyo mwachangu.

Pali njira ziwiri zobera mtunda zimene sizifuna mphamvu. Yoyamba ndi kukokera phazi lam'mbuyo pafupi ndi lakutsogolo mwakachetechete, thupi ndi dzanja zisanasunthe, kuti mdani aziona ngati mudakali pamalo pomwe paja. Lunge yaifupi yochokera pamenepo imafika kumene yaitali ikanafika. Kuti asaone phazilo, mutanganitseni maso ndi nsonga ya lupanga lanu, kapena gogodani lupanga lake pang'ono. Yachiwiri ndi kumuzoloweza kukula kumodzi kwa sitepe. Akabwera bwererani kawiri kapena katatu ndi masitepe ofanana, ndipo akayamba kukhulupirira kuti mupitiriza choncho, fupikitsani sitepe yotsatira kapena imani kumene, mkono utatambasuka kale. Iye yekha ndiye amatseka mtunda ndi liwiro lake lomwe, ndipo amagwera pansonga asanamalize kukonzekera.

Malo a papiste muziwasunga mwaumbombo. Mukadutsa mzere wakumapeto ndi mapazi onse awiri, mdani amapatsidwa pointi, ndipo mamita 2 omaliza amakhala ndi chizindikiro chochenjeza. Wachikulire amene amabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse mdani akagwedezeka amapezeka ali kumapeto pasanathe masekondi ambiri, ndipo kumeneko alibenso chida chake chachikulu. Chotero mukabwerera masitepe atatu, mdani akangoima tengani awiri kapena atatu omwewo. Chabwino koposa ndi kumukankhira iye kumapeto kwake pang'onopang'ono, ndi timasitepe tosaopsa, chifukwa munthu amene waona kuti kumbuyo kwatha amakakamizika kuukira, ndipo kuukira kokakamizika ndiko kosavuta kukuyembekezera. Apa ndiye pamene mawu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha amagwira ntchito, malinga kudekhako kukhale kwa munthu amene akuyenda ndi kufinya, osati amene wangoima.

Kuitana mdani ndi kumutchera

Tiyerekeze kuti mukumenya épée, pamene thupi lonse, kuyambira chala cha kuphazi mpaka kumutu, ndi malo ovomerezeka kubaya. Muli kunja pang'ono kwa lunge ya mdani. Mukuponya sitepe yaing'ono kutsogolo, ndipo nthawi yomweyo mukutsitsa dzanja pang'ono, mwina masentimita awiri kapena atatu, kuti pamwamba pa mkono wanu paonekere kuseri kwa mbale yotchinga dzanja. Mdani amene amakonda kubaya pamkono sangapirire. Atambasula mkono kulunjika pamenepo. Popeza inu mukudziwa kumene nsonga yake ikupita, mukukweza dzanja ndi kulipititsa kunja pang'ono, gawo lolimba la lupanga lanu, la kufupi ndi mbale, likugwira gawo lofooka la lupanga lake, la kufupi ndi nsonga, ndipo osalisiya mukuwongola mkono mpaka nsonga yanu itafika paphewa kapena pachifuwa pake. Zonsezi zimachitika ndi kusuntha kochepa kwambiri, ndipo woonerera amaganiza kuti muli ndi dzanja lachangu, chonsecho munangoyamba ulendo mdani asanadziwe kuti waitanidwa.

Kuitana kumalephera pa zifukwa ziwiri. Mpata ukakula kwambiri, mdani wodziwa amaona kuti ndi msampha ndipo amanamizira kulowamo kuti mutchinge, kenako n'kuzemba lupanga lanu. Mukaitana muli pafupi kwambiri, amakubayani musanatseke. Mpata uzioneka ngati kulakwitsa kwa munthu wotopa, ndipo uzioneka pa nthawi imene mdani akuganiza kuti mwatanganidwa ndi kuyenda. Pano msinkhu umakuthandizani, chifukwa achinyamata ambiri amafulumira kukhulupirira kuti wachikulire walefuka.

Njira ina ya mtundu womwewu ndi kuukira konamizira, kumene cholinga chake chenicheni chili pa chochitika chachiwiri. Mumaponya lunge yaifupi kulunjika padzanja kapena pabondo, yooneka yoona koma yosakutayitsani thupi, kuti mdani achite chimene amachita nthawi zonse. Ngati ndi munthu wotchinga n'kubwezera, inu mwakonzeka kale kutchinga kubwezera kwakeko n'kumubaya. Ngati ndi munthu wokonda kubaya mkati mwa kuukira kwanu, mwakonzeka kugwira lupanga lake likungotuluka. Chofunika n'chakuti kulemera kwa thupi kutsale pakati pa mapazi, pakuti mukadziponya kwathunthu pa kunamizirako simudzakhala ndi mwendo womalizira ntchito.

Kuti mudziwe msampha woyenera, mphindi yoyamba muigwiritse ntchito pofunsa mafunso muli pamtunda wotetezeka. Gogodani lupanga lake muone ngati abwezera kugogodako, alichotsa, kapena atambasula mkono. Lowani mwadzidzidzi theka la sitepe muone ngati abwerera, atchinga, kapena adziponya. Onetsani nsonga kumbali ya mkati kenako ya kunja muone kutchinga kumene dzanja lake limathamangirako. Munthu akapanikizika amabwerera ku chizolowezi chake, ndipo chimene wachita kawiri mosaganiza adzachichitanso kachitatu. Ine ndimaona kuti si nzeru kugwiritsa ntchito zonse zimene mwapeza nthawi yomweyo. Chizolowezi chimodzi chimene mwachitsimikizira chisungeni kuti chidzakupatseni pointi pamene masewero afika pothina, chifukwa mukachiulula msanga mdani kapena mphunzitsi wake adzachikonza pa nthawi yopuma.

Dzanja ndi chigwiriro

Nsonga iziyendetsedwa ndi zala, makamaka chala chachikulu ndi chamkombaphala, osati phewa. Kutchinga kotambalala, kumene lupanga limapita kutali kunja kwa thupi, ndi matenda a munthu amene akuopa liwiro la mnzake, ndipo kumachedwetsa kubwezera komanso kumapatsa mdani mpata wozemba. Tchingani mongokwanira kuti lupanga la mdani lidutse pambali pa thupi, nsonga yanu ikuyang'anabe kwa iye. Ndi bwinonso kutchinga mochedwerako, lupanga lake litatsala pang'ono kufika, uku mukubwerera theka la sitepe kuti mupeze nthawi; amene amatchinga msanga amakhala atauza mdani kumene angadzere. Pobwezera, wachikulire amapindula kwambiri akamasunga lupanga lake litakhudzana ndi la mdani mpaka kumapeto, chifukwa potero safunika kupikisana naye pa liwiro. Kumbukiraninso kuti nsonga ya épée imafuna kukankhidwa ndi mphamvu yoposa magalamu 750 kuti nyale ya makina osonyeza kuti mwabaya iyake, ndipo ya foil, mtundu wachitatu wa lupanga, yoposa magalamu 500, choncho kungokhudza sikukwanira. Mkono uziwongoka mpaka lupanga lipindike pang'ono.

Za chigwiriro anthu amatsutsana kwambiri. Chigwiriro chowongoka cha chifalansa chimalola munthu wa épée kugwira kumapeto kwenikweni n'kuwonjezera masentimita angapo pa kutalika kwa mkono wake, ndipo n'chifukwa chake achikulire ambiri amene miyendo yafupika amachikonda: amaima patali, amabisa lupanga kuti lisagwidwe, n'kumadyerera mkono wa mdani akamalowa. Kuipa kwake ndi kwakuti lupanga logwidwa motero ndi lofooka, ndipo munthu wa dzanja lamphamvu akaligogoda kapena kulikankha limachoka panjira. Chigwiriro chokhala ngati cha mfuti yaing'ono chimapereka mphamvu pa kutchinga ndi kukankha, koma chimanyengerera munthu kufinya kwambiri, zimene zimadzetsa ululu pachigongono. Kusintha chigwiriro kumasintha kamenyedwe konse ndipo kumafuna miyezi yambiri yozolowera, chotero musasinthe chifukwa choti mwagonja mpikisano umodzi.

Musaope kumenyana pafupi penipeni. Achinyamata ambiri amaphunzitsidwa kumenya patali, ndipo matupi akayandikana amasokonezeka kapena amangoima kudikira woyimbira. Inu pitirizani mpaka mutamva woyimbira akuti Halte, mawu olamula kuima, pindani chigongono kuti nsonga ipeze malo, ndipo mukaphonya bayaninso pomwepo. Pewani kokha kumugunda mdani ndi thupi mwankhanza kapena kumupatsa msana, pakuti zimenezi zimabweretsa khadi yachilango.

Kusiyana kwa malupanga atatu

Épée ndiyo yochitira chifundo achikulire, chifukwa ilibe lamulo loti woyamba kuukira ndiye mwini pointi. Wobaya poyamba ndiye wapeza, ndipo awiri akabayana pasanadutse pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi, onse amalandira pointi. Zonse zimene zanenedwa za mtunda ndi misampha zimagwira ntchito pano mokwanira.

Pa foil malo obaya ndi thunthu lokha, ndipo nyale zonse ziwiri zikayaka pointi imapita kwa amene anali ndi ufulu woukira. Choncho kubaya mkati mwa kuukira kwa mdani kumapindula pokhapokha mukaonetsetsa kuti iye waphonya, mwa kutseka njira ya lupanga lake kapena kupotoza thupi, kapena mukamubaya msanga kwambiri moti makina atseke nyale yake, zimene zimachitika pakadutsa pafupifupi mamilisekondi 300. Chodalirika kwa wachikulire ndi kutchinga n'kubwezera, kuukira pamene mdani akuyenda mkono uli wopinda akufunafuna lupanga lanu, ndi kutambasula mkono nsonga italunjika pachifuwa pake iye asanayambe kuukira, pakuti mkono wotero umakupatsani ufulu mpaka iye atauchotsa panjira. Musaiwale kuti kuukira sikufunika kukhala kwachangu kuti kuwerengedwe. Kuyenda mosadukiza ndi timasitepe tating'ono, nsonga ikuopseza, n'kufulumira pa sitepe yomaliza yokha, kumasokoneza achinyamata amene anazolowera kuthamangitsana.

Sabre ndiyo yovuta koposa, chifukwa mapointi ambiri amagamulidwa pakati pa piste, m'masitepe awiri oyamba woyimbira akangoti Allez, mawu olamula kuyamba. Kumeneko kulibe nthawi yoona n'kusankha, chotero sankhani musanayambe: kuukira mwachidule, kapena kulowa sitepe imodzi n'kubwerera kuti mdani aperewere, kapena kulowa n'kutchinga. Mukamuperewetsa, ufulu ndi wanu, ndipo muuyendetse modekha mpaka kumapeto kwa piste m'malo mothamanga. Kutema pamkono uku mukubwerera kumathandizanso, ngakhale kuti mpata wa mamilisekondi 170 umene makina amapereka umafuna kuti muchoke msanga mukangotema.

Mnyamata waliwiro ndi wachikulire mnzanu

Wachinyamata amene amakonda kuthamangira mdani mwa kudutsitsa mwendo wam'mbuyo kutsogolo, kumene amati flèche ndipo n'kololedwa pa épée ndi foil koma osati pa sabre, amafuna kuti muchite mantha n'kuthawa molunjika m'mbuyo. Simungamuthawe. Yang'anani chizindikiro chimene chimatsogola, kawirikawiri kulemera kwa thupi kukasamukira pa phazi lakutsogolo kapena phewa likatsika, ndipo muyankhe ndi sitepe imodzi yaifupi ndi kutchinga kolimba, kapena tsekani njira ya lupanga lake n'kumulola adzibweretse yekha pansonga. Musalole kuti akukokereni m'kuthamangitsana kopita uku ndi uku. Akafulumira inu chedwetsani, akafuna kupuma inu finyani. Mukasinthana naye zobaya zoposa ziwiri kapena zitatu motsatizana, mwayi umapita kwa iye, choncho malizani msanga kapena tulukani.

Wachikulire mnzanu ndi nkhani ina, ndipo ambiri amalakwitsa pomenya naye ngati akumenya mnyamata. Iyeyo sagwera m'misampha yoonekera, amadikira monga inu, ndipo amadziwa zonse zimene zalembedwa pano. Pa masewero otere wopambana kawirikawiri ndi amene miyendo yake ikuyendabe bwino ndipo ali ndi kuukira kumodzi koona kumene angakuponye mosazengereza. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amalangiza achikulire kusiyiratu kuukira. Munthu amene saukira konse saopsa, ndipo mdani amamuyandikira mmene akufunira n'kusankha nthawi mwaufulu. Sungani kuukira kumodzi kosavuta, monga kugogoda lupanga n'kubaya molunjika, kapena kunamizira mkati n'kuzembera kunja, ndipo mukuonetse msanga m'masewero ngakhale kutapanda kubala pointi, kuti kunamizira kwanu konse kotsatira kukhale ndi mano. Ngati mnzanuyo ndi wolemera miyendo, muyendetseni kutsogolo ndi m'mbuyo mpaka mapazi ake ayambe kutsalira, ndipo muukire pamene akuponya sitepe yobwera kwa inu.

Mapointi ndi wotchi

M'ndime ya m'magulu masewero amathera pa mapointi 5 kapena mphindi 3. M'ndime ya chipulula, achikulire amamenya mpaka mapointi 10 m'zigawo ziwiri za mphindi 3, ndi kupuma kwa mphindi imodzi pakati, pamene a misinkhu ina amafika 15 m'zigawo zitatu. Pa sabre kupumako kumabwera wina akafika mapointi 5. Kufupika kumeneku kukutanthauza kuti kutsalira ndi mapointi atatu koyambirira ndi dzenje lakuya, choncho mafunso a mphindi yoyamba aja azifunsidwa muli patali ndithu.

Mukatsogola pa épée, mdani ndiye ayenera kubwera, ndipo kubayana nonse awiri kumakupititsani inu kufupi ndi chipambano. Komabe musangoima, chifukwa malamulo amalanga kusamenyana ikatha mphindi yathunthu popanda pointi, ndiponso munthu amene wayamba kuteteza chimene ali nacho amaumitsa dzanja. Pa masewero omaliza a épée ku Olimpiki ya ku Rio mu 2016, Imre, ali ndi zaka 41, ankatsogola 14 kwa 10 ndipo ngakhale kubayana onse awiri kukanamupatsa golide, koma Park Sang-young wa ku South Korea, wa zaka 20, anapeza mapointi asanu otsatizana n'kupambana 15 kwa 14. Mnyamata amene watsala pang'ono kugonja amasiya kuopa ndipo liwiro lake limakwera, choncho mtunda umene unali wokwanira poyamba uyenera kuwonjezedwa pang'ono, ndipo mdani akapeza mapointi awiri otsatizana ndi njira imodzi, sinthani kena kake nthawi yomweyo, kaya ndi malo amene mwaima papiste kapena mmene mwagwirira lupanga. Nthawi ikatha mapointi ali ofanana, pamawonjezedwa mphindi imodzi, ndipo maere amachitika poyamba kusankha amene adzapambane ngati palibe wobaya. Maere akagwera inu, mdani ayenera kubwera ndipo mukudziwa kuti adzabwera masekondi akamatha. Akagwera iye, yambani kumufinya msanga kuti musadzadziponye mothedwa nzeru kumapeto.

Thupi ndi zoyeserera

Pa tsiku la mpikisano tenthetsani thupi nthawi yaitali kuposa achinyamata, makamaka akatumba, mtsempha wa kuchidendene, ntchafu ndi phewa, ndipo menyani masewero oyeserera amodzi kapena awiri ndime ya m'magulu isanayambe, kuti mdani woyamba asakupezeni dzanja lili lozizira. Pakati pa masewero valani chofunda, imwani madzi pafupipafupi, chifukwa zovala zochindikala za masewerawa zimatulutsa thukuta lambiri, ndipo tenthetsaninso thupi ngati mwadikira nthawi yaitali. Ikatha pointi iliyonse bwererani pamzere mukuyenda bwinobwino, mukupuma mozama ndi kusankha chochita chotsatira, koma osachedwa dala, pakuti woyimbira ali ndi mphamvu yolanga wochedwetsa masewero. Amene akubwerera ku masewerawa atawasiya zaka zambiri, kapena amene ali ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ayambe waonana ndi dokotala.

Pa zoyeserera za mlungu ndi mlungu, kulimbitsa ntchafu, matako ndi akatumba kawiri pa mlungu kumateteza mawondo kuposa kumenya masewero ambirimbiri, ndipo phunziro lalifupi la munthu mmodzi ndi mphunzitsi limasunga dzanja lakuthwa. Pomenya ndi anzanu ku kalabu, musamangowerenga amene wapambana. Gwirizanani ndi mnzanu wachinyamata kuti iye aziukira ndi sitepe ndi lunge pa nthawi imene wafuna, inu musatchinge konse, ntchito yanu ikhale kumuperewetsa ndi mapazi okha n'kumubaya akamabwerera. Mukazolowera, sinthani lamulo kuti pointi yanu iziwerengedwa pokhapokha yachokera pa msampha umene munautchula kwa mphunzitsi kapena kwa munthu wachitatu musanayambe. Pomaliza yambani masewero mutaima mkati mwa mamita 2 omaliza a piste, mdani akutsogola 8 kwa 7 ndipo patsala masekondi 30, kenako musinthane malo.